Nandolo wa Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili mu Sitandade 8, pamene anthu ena anabwera pasukulu pathu kudzatifunsa ngati tinali ana osangalala. Funso lotere ndinali ndisanalimvepo. Kwathu mwana ankafunsidwa ngati wadya, ngati watunga madzi, ngati mutu wasiya kupweteka. Zoti mwana ali ndi mtima woti munthu n'kuchoka kutali kudzaufunsa mmene wadzukira, zinali zachilendo kwa ife tonse. Koma ndisanafike pa alendowo ndiyambe ndanena kuti ife tinali ayani, chifukwa popanda zimenezo nkhaniyi siingamveke.

Tinali matenanti. Bambo ndi amayi anachoka ku Phalombe ine ndili kumsana, kuthawa kuchepa kwa malo, ndipo kuyambira pamenepo moyo wathu unali wokwera ndi kutsika malole. Chaka chino tilima fodya wa eni ake ku Mchinji, fodya akagulitsidwa timanga katundu, chaka chinacho tili cha ku Kasiya, kenako kwina. Pa nthawi imene ndikunenayi tinali pa esiteti ina kufupi ndi Nsaru, m'kanyumba ka udzu koyang'anizana ndi zigafa zoumitsiramo fodya. Pamenepo tinakhalitsako, tinalima nyengo ziwiri. Fungo la fodya linatilowa mpaka m'tsitsi, moti ngakhale ndisambe ndi sopo, ndikalowa m'kalasi anzanga ankadziwa kuti wa kuesiteti wafika asanatembenuke n'komwe.

Sukulu ndinkaikonda mwaukali, mwina chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene chinkafanana kulikonse kumene tinkapita. Chitsulo cha gudumu chopachika pamtengo chinkalira chimodzimodzi ku Mchinji ndi ku Nsaru, ndipo samu sizinkafunsa kuti kwanu n'kuti. Koma kusamukasamuka kunandidyera zaka. Sitandade 4 ndinaibwereza, Sitandade 6 ndinaibwerezanso, osati chifukwa cha mutu wouma ayi, koma chifukwa lole inkabwera chaka cha sukulu chisanathe. Bambo anali atanena kale kuti kubwereza kachitatu kulibe, ndipo bambo anga sanali munthu wolankhula kawiri.

Amayi anali ndi chiphunzitso chawo chimene ndinakula nacho ngati pemphero. Ankati mlendo ndi mame, ndipo ife ndife mamewo. Tenanti sadzala mtengo, salowa m'nyumba za eni mudzi, sazolowera munthu. Ndili wamng'ono ndinkayesa kuti amayi anabadwa choncho, koma si zoona. Ku Kasiya kuja anali ndi mnzawo wapamtima, mayi wa m'mudzi woyandikana ndi esiteti, amene ankasinja nawo mtondo umodzi. Kamlongo kanga katamwalira ndi malungo, mayi ameneyo ndi amene anakasambitsa, ndipo abale ake ndi amene anatipempherera malo kumanda a m'mudzimo. Fodya atagulitsidwa lole inabwera monga mwa nthawi zonse. Amayi analira njira yonse, kulira manda ndi mnzawo pamodzi, ndipo titatsika kumalo atsopano anapukuta maso n'kutseka mtima wawo. Kuyambira pamenepo moni ankapereka, koma wongodutsa.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene amayi ankachisamala kuposa bulangete lawo: kachitini kakale ka mkaka kodzaza nandolo. Agogo atamwalira amayi anapita ku Phalombe kukaika maliro, n'kukapeza kuti kamunda ka agogowo abale agawana kale, poti iwo anali atachoka kalekale. Anabwerako ndi nandolo yekhayo, wa m'munda mwa amayi awo, atamuwaza phulusa kuti asafumbwe. Ankati adzamudzala tsiku limene tidzakhale ndi munda wathuwathu. Pa esiteti sakanamudzala, chifukwa abwana sankalola mbewu ina m'munda wa fodya, komanso nandolo amacha mochedwa, pamene matenanti akwera kale lole. Ngakhale mwezi wa njala, tikudya therere tsiku ndi tsiku mpaka pakhosi kuterera pokha, chitinicho sichinkatsegulidwa. Bambo ankaseka kuti ndife anthu okhawo m'Malawi muno amene tikugona ndi njala titatsamira ndiwo. Amayi sankaseka nawo.

Njira yochokera kuesiteti kupita kusukulu inkadutsa pakhomo la mayi wina wamasiye, Anachisale, amene nyumba yawo inali yomalizira m'mudzi. Anali mayi wamtali, wa mawu okhuthala, wosadziwa kunong'ona. Ankaweta nkhumba ndi kulima mtedza, ndipo ankakalipira chilichonse choyenda: nkhuku, ana, mbuzi za eni, ngakhale mvula ikachedwa. Masiku oyamba ndinkadutsa pakhomopo nditazyolika monga mmene amayi anandiphunzitsira, mpaka tsiku lina anandiimitsa n'kundifunsa ngati pakamwa panga panatupa, poti sindipereka moni. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankandipezera chifukwa. Mwina ndachedwa, mwina tsitsi sindinapese, mwina ndikuyenda ngati nkhuku yonyowa. Ndinkaopa, komanso, kunena zoona, ndinkayembekezera. Munthu wa kunja kwa nyumba yathu amene ankaona kuti ndadutsa anali iwo okha.

Nyengo yokumba mtedza ya chaka choyamba, Anachisale anandiitana ndikuchokera kusukulu n'kundipatsa mbale yodzaza mtedza wosenda. Inali mbale yachitsulo yoyera, ya maluwa ofiira, yobenthuka pang'ono m'mphepete. Anangoti ndikawapatse amayi anga. Ndinainyamula ndi manja awiri njira yonse, mtima ukugunda ngati ndapambana mayeso. Mtedzawo tinadya, wina kukazinga, wina kusinjira nkhwani. M'mawa mwake amayi anatsuka mbaleyo ndi mchenga mpaka kuwala, n'kundiuza kuti ndikabweze. Ndinaima n'kudikira, chifukwa ngakhale mwana amadziwa kuti mbale ya mnansi siibwerera yopanda kanthu. Umaikamo chilichonse, kaya ndi tomato awiri, kaya ndi mchere wapachikhatho. Nditaona kuti amayi akupitiriza kusesa, ndinafunsa kuti tiikamo chiyani.

"Ukaikamo kanthu, mbaleyo ibweranso," anatero osandiyang'ana. "Ikabweranso tizolowerana. Tikazolowerana, lole ibwera. Pita."

Ndinapita. Anachisale analandira mbale ija, kuyang'ana m'kati, kuitembenuza n'kuyang'ananso kunsi kwake ngati kuti mwina china chamatirira kumeneko. Kenako anati, "Yatsukidwa bwino," n'kulowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundikalipira. Ndikapereka moni ankangoti "eya" maso ali ku nkhumba zawo. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kusowa kukalipiridwa, koma ine ndinakusowa.

Kusukulu palibe amene ankandimenya kapena kunditukwana. Kumenyedwa n'kwabwinoko, chifukwa wokumenya amakhala kuti wakuona. Atsikana a m'kalasi mwathu anali ana a midzi yozungulira, amayi awo pachibale, agogo awo manda amodzi, ndipo ambiri anavinidwa limodzi. Pa nthawi yopuma ankasewera fulaye pabwalo. Sankandithamangitsa, koma sankandiitananso, ndipo ine sindinkapempha. Malo anga anali kuseri kwa kalasi, pamuzu wa mtengo wa kesha, pamene ndinkatsegula kope n'kumachita ngati ndikuwerenga. Aphunzitsi ankanditama kuti ndine wakhama, osadziwa kuti khama lina limakhala kusowa kopita.

Tsono m'nyengo yozizira ya chaka chachiwiri, fodya ali m'kati mosankhidwa ndi kumangidwa m'mabelo, bambo anabwera ndi uthenga. Mwini esiteti anati chaka chamawa salima fodya, ndipo bambo anali atamva za malo ku Kasungu. Mabelo omaliza akangopita kuokushoni, ife tikwera lole. Mayeso a Sitandade 8 anali asanafike, ndipo zinali zoonekeratu kuti lole ibwera mayesowo asanayambe. Ndinapita kwa ahedi. Anandiuza kuti dzina langa linalembetsedwa pasukulu pomwepo ndipo sindingakalembere kwina. Njira inali imodzi yokha, yoti makolo anga apeze munthu wa m'mudzi wondisunga mpaka mayeso atatha. Nditakanena kunyumba, bambo anangopukusa mutu n'kunena kuti sukulu ndayesa, basi, ku Kasungu ndikathandiza amayi kusoka fodya. Sanalankhule mwaukali. Anangonena monga mmene munthu amanenera kuti kunja kwacha.

Sabata yomweyo ndi imene kunabwera alendo aja. Ahedi anatisesetsa bwalo lonse n'kutiuza kuti tichape mayunifolomu. Mphekesera zinali mbwee. Ena ankati abweretsa mipira, ena mabulangete, ndipo ana angapo sanabwere n'komwe chifukwa makolo awo anamva kuti ndi anthu opopa magazi. Galimoto yoyera itaima munatsika mayi wachizungu wa imvi, nkhope itafiira ndi dzuwa, ndi mtsikana wachimalawi wa kuyunivesite amene anati tizimutchula kuti Anti. Antiwo anafotokoza kuti akuchita kafukufuku. Amayenda m'mayiko osiyanasiyana kufunsa ana a msinkhu wathu mafunso ofanana, kuti aone mmene ana akukulira, chimene chimawasunga pasukulu ndi chimene chimawachotsa. Anati sanabweretse mphatso iliyonse. Anyamata a kumbuyo anang'ung'udza mokweza mpaka ahedi kuwayang'ana ndi diso lofiira.

Ankatiitana mmodzimmodzi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Amene ankabwerako ankatiuza kuti kulibe choopsa, ndipo kumapeto kuli masewera a mtedza. Amakupatsa mtedza m'manja ndi mbale yapulasitiki, n'kukuuza kuti uike njere imodzi m'mbalemo pa munthu aliyense wa kunja kwa nyumba yanu amene ungathamangireko zinthu zikakuvuta. Ukatha, mtedza wonse ndi wako. Mnyamata wina anabwerako akudzitama kuti mtedza unamuthera asanatchule ngakhale theka la azimalume ake. Kalasi yonse inaseka.

Nthawi yanga itakwana ndinagwada, koma Anti anati ndikhale pampando. Mafunso oyamba ndinayankha ngati mayeso. Ndimadya ndisanabwere kusukulu? Nthawi zina. Ndimagona bwino? Inde. Ndikufuna kudzakhala ndani? Mphunzitsi. Kenako anandithira mtedza m'manja n'kukankhira mbale patsogolo panga. Ndinayang'ana mbaleyo. Ndinayenda m'maganizo kuchokera pa esiteti mpaka kusukulu, khomo ndi khomo. Matenanti anzathu nawo anali kumanga katundu, aliyense kolowera kwake. Ndinaganiza za ahedi, koma ahedi anali atandiyankha kale. Mtedza unayamba kunyowa ndi thukuta m'chikhatho mwanga. Pamwamba pathu mbalame inali kulira, ndipo kubwalo ndinkamva mpira wa fulaye ukugunda munthu, atsikana n'kukuwa.

Anti anadikira nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ngakhale mmodzi, Edina?" Ndinapukusa mutu. Mzungu uja analankhula pang'ono, ndipo Anti anamasulira kuti ngakhale kwawoko kuli ana amene amasiya mbale yopanda kanthu, ana okhala ndi chipinda chawochawo ndi nsapato zambirimbiri. Mwina ankafuna kunditonthoza, koma ine zinandipsetsa mtima. Ndinaganiza kuti ana amenewo, ngakhale asungulumwe chotani, mayeso awo alemba. Mzunguyo analankhulanso, ndipo ulendo uno Anti anazengereza asanamasulire.

"Akufunsa kuti, kodi palibe munthu amene anayesapo kukuyandikira?"

Ndinayang'ana mbale yapulasitiki ija. Koma pamaso panga panabwera mbale ina, yoyera, ya maluwa ofiira, ikutembenuzidwa m'manja mwa Anachisale. Anti anandithokoza, nati mtedzawo ndidye. Sindinadye. Ndinauika m'thumba la yunifolomu, ndipo pobwerera kunyumba ndinapeza Anachisale akuthira madeya m'khola la nkhumba. Ndinapereka moni. Anati "eya," ndipo ndinadutsa.

Amayi ndinawapeza m'chigafa atakhala pachiguduli, akusankha fodya, masamba owala uku, akuda uku. Fumbi la fodya linali kuyandama m'kuwala kolowera m'mipata ya udzu. Ndinakhala pambali pawo n'kuyamba kuwathandiza, ndipo ndinawafotokozera zonse, za mtedza, za mbale, za funso lomaliza lija. Anangomvetsera manja akugwira ntchito. Kukhala chete kwawoko ndi kumene kunandiputa, ndipo ndinanena mawu amene mwana woleredwa bwino sauza amayi ake.

"Amayi, munabweza mbale ija yopanda kanthu. Lero ine ndilibe kopita."

Manja awo anaima. Ndinayembekezera khofi, ndipo likanabwera ndikanalilandira. Koma anangoyang'ana tsamba limene linali m'manja mwawo n'kunena kuti, "Unkafuna ndiikemo chiyani? Fodya wa abwana?" Tonse awiri tinkadziwa kuti limenelo silinali yankho, chifukwa nkhwani ndi mchere zinalipo. Tinapitiriza kusankha fodya mpaka dzuwa kupendeka.

Masiku otsatira anali owawa kuposa onse amene ndikuwakumbukira. M'nyumba munalibe mkangano, munali zii. Mabelo ankachoka, zigafa zinkatsala mbee, ndipo bambo anayamba kumanga makasu ndi luzi. Ine ndinkapitabe kusukulu n'kumalemba zonse zimene aphunzitsi ankalemba pabolodi, ngakhale ndinkadziwa kuti ndikutungira madzi m'dengu. Alendo aja anali atapita kalekale kukafunsa ana ena kwina. Ndinkawakwiyira kuti anabwera kudzatsegula chilonda n'kukwera galimoto yawo.

Tsiku lina Loweruka m'mawa ndinaona amayi atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Anatulutsa kachitini kaja pansi pa mtolo wa zovala, kukatsegula, n'kukhuthulira nandolo yense m'mbale yathu yabwinoko. Anauzira phulusa n'kuphimba mbaleyo ndi kansalu. Bambo, amene anali kunola chikwanje pakhomo, anaimirira n'kufunsa kuti, "Amake Edina, nandolo uja?" Amayi anangondiuza kuti ndisambe kumaso ndiwatsate. Iwo patsogolo, ine pambuyo, tinayenda njira yonse ya kusukulu, imene amayi anali asanaipondepo chifikire ku Nsaru.

Anachisale anayankha odi wathu ali kukhola, ndipo sanafulumire. Anatiyalira mphasa n'kubwerera kukamaliza kudyetsa nkhumba, kusamba m'manja, kukalipira nkhuku, kenako n'kudzakhala. Atapatsana moni wautali wa anthu osadziwana, amayi anagwada n'kupereka mbale ndi manja awiri. Anachisale anavundukula, kutapa pang'ono n'kuyang'anitsitsa.

"Nandolo? Kunotu sitilima zimenezi."

"Ndi wa m'munda mwa malemu amayi anga," anatero amayi. "China ndilibe. Mbale yanu ndinaibweza yopanda kanthu, mayi. Sikunali kunyoza. Kunali kuopa."

"Kuopa chiyani? Mtedza umaluma?"

Amayi anafotokoza za ku Kasiya, mwachidule, maso ali pamphasa. Ndinali ndisanawamvepo akutchula dzina la kamlongo kanga chichokere kumeneko. Kenako ananena za lole, za mayeso, ndi za mawu a ahedi. Anachisale anamvetsera nkhope itauma gwa.

"Chaka chathunthu munali pompano. Ndiye mwabwera lero poti zakuvutani, eti?"

"Inde, mayi," anatero amayi. "Ndabwera poti zandivuta."

Ndikukhulupirira kuti amayi akanayesa kuzungulira, tikanabwerera ndi nandolo wathu. Anachisale anatembenukira kwa ine n'kuyamba kundiwerengera ntchito ngati ndalakwa kale. Madzi ndizitunga ndisanapite kusukulu, nkhumba ndizizidyetsa ndikaweruka, pakhomo pawo sipagona waulesi, ndipo moni ndizipereka mokweza osati ngati udzudzu. Ndinangoti inde, inde, misozi ikutsikira m'kamwa. Atatha ananyamula mbale yathu ija n'kulowa nayo m'nyumba. Anatuluka nayo itadzaza mtedza mpaka pamwamba, n'kuiika m'manja mwa amayi. Amayi anaiyang'ana ngati yotentha, n'kufunsa kuti nanga iwo adzabweza chiyani, poti akuchoka.

"Mwandisiyira mwana, mukufunsanso?" anatero Anachisale.

Lole inabwera m'mawa wina kukuzizira. Ndinathandiza kukweza katundu n'kutsala pansi. Bambo anandigwira paphewa n'kunena kuti ndisawachititse manyazi. Amayi anakhala pamwamba pa mitolo, kachitini kopanda kanthu kali pamiyendo. Ulendo uno sanalire. Anangondiyang'ana osaphethira mpaka fumbi linatitsekereza. Ndinaima pamsewupo nthawi yaitali, kenako ndinanyamula kathumba kanga n'kulowera kumudzi.

Ndinganame nditanena kuti kwa Anachisale kunali kokoma. Ntchito inali yambiri, kukalipa kunali kwa tsiku ndi tsiku, ndipo kangapo konse ndinakalirira kuseri kwa khola, kumene nkhumba zokha ndi zimene zinkandimva. Ndinkasowa amayi mpaka chifuwa kupweteka. Koma tsiku lina ndikucheza ndekha ndi maganizo kumjigo, ndinamva mawu aja akung'amba mudzi wonse, kuitana dzina langa kuti ndachedwa ndi madzi. Azimayi amene anali pamjigopo anaseka n'kunena kuti thamanga, mwana wa Anachisale, angakumeze. Ndinathamanga ndowa ili pamutu, madzi akutayikira m'khosi, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikuseka.

Mayeso ndinalemba ndipo ndinasankhidwa kupita kusekondale yoyendera ya kufupi komweko. Nkhani yoti ndichoke pakhomopo sinatchulidwe ndi aliyense. Mvula yoyamba itagwa, Anachisale anadzala nandolo uja m'malire a munda wawo wa mtedza, akung'ung'udza kuti akuwononga malo ndi zitsamba za akummwera. Anansi ankaseka. Sanamere yense, poti anali atakhalitsa m'chitini, koma amene anamera anakula kupitirira msinkhu wanga. Atacha, Anachisale anadzaza mbale ija ya maluwa ofiira, kuimanga m'nsalu, n'kundikweza basi ya ku Kasungu pa tchuthi.

Amayi anamasula nsaluyo n'kukhala pansi. Ananunkhiza nandoloyo, n'kumutembenuzatembenuza m'manja. Ndinkayesa kuti amubwezera m'chitini, koma anaphika tsiku lomwelo, ndipo tinadya mpaka bambo kunyambita zala n'kunena kuti ndiwo zimene tinkatsamira zija zapsa tsopano. Pobwerera, mbale ija anaidzaza mfutso wa nkhwani. Anali atadzala maungu kuseri kwa kanyumba ka eni, ndipo pakhomo pawo ndinapezapo mayi wina wa m'mudzi atabwera kudzabwereka sefa. Mbale imeneyo inayenda pakati pa Nsaru ndi Kasungu tchuthi chilichonse mpaka amayi anamwalira ine ndili Fomu 3. Munda wawowawo sanakhale nawo, ndipo anaikidwa kumanda a eni monga mwana wawo uja.

Lero ndine mphunzitsi cha kuno ku Namitete, ndipo nandolo amene ndimalima kuseri kwa nyumba ndi mbewu yomwe ija. Sindidziwa chimene anthu a kafukufuku aja anakalemba za ine. Mwina kwinakwake kutsidya la nyanja ndimawerengedwa pakati pa ana amene anasiya mbale yopanda kanthu, ndipo sananame, chifukwa tsiku limenelo zinalidi choncho. Mkwiyo umene ndinali nawo pa iwo unatha. Sanandipatse chilichonse, koma anandifunsa funso limene aliyense wondizungulira sanaganize zondifunsa. Amayi nawonso ndinasiya kuwaimba mlandu. Munthu amene wasiya manda m'mbuyo amaphunzira kuopa chilichonse chimene chingamere mizu, ndipo ankayesa kuti akunditeteza.

Chimene ndinachedwa kumvetsa ndinachimva kwa Anachisale, atakalamba, mawu aja atayamba kuchepa mphamvu. Tinali kusenda nandolo pakhonde pamene ndinawakumbutsa za tsiku limene anatembenuza mbale n'kunena kuti yatsukidwa bwino. Ndinkayesa kuti aseka. Sanaseke. Anati nkhani imeneyo imawapwetekabe, chifukwa chaka chathunthu ankandiona ndikudutsa ndekha m'mawa ndi masana, koma anaumitsa khosi chifukwa cha mbale imodzi. Anati iwo anali ndi mudzi, abale ndi nkhokwe, pamene amayi anga analibe chilichonse, ndiye woyenera kuyesanso anali ndani?

Chaka chilichonse m'kalasi mwanga mumabwera mwana wa kuesiteti wonunkha fodya, amene pa nthawi yopuma amakakhala kuseri ndi kope lotsegula. Ndimamupatsira mbale ya nandolo kuti akapatse amayi ake. Nthawi zambiri mbaleyo imabwerera itatsukidwa bwino, mulibe kanthu. Sindiitembenuza. Ndimaidzazanso n'kuitumiza kachiwiri.